Mmene Ndinayambira Kufupika Pachikamwini

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo ndaibisa kwa zaka zambiri. Kubisa kwake n'kongodzinamiza, poti tsiku limene zinkachitika mudzi wonse unalipo, ndi nkhuku zomwe. Ana anga amaimva kwa anthu kuchigayo ndi pamaliro, aliyense akuthirako mchere wake. Ndiye ndati bola ndiinene ndekha, mwini manyazi. Sekani ndithu, ine ndinazolowera.

Zinachitika patangopita chaka chimodzi kapena ziwiri chiyambireni matipate. Ine Damiyano, mwana wa ku Mkanda, ndinali nditangokwatira Felesiya, ndipo ndinkakhala kwawo pachikamwini, m'mudzi wina chakumpoto kwa Kamwendo. Mamawa ndinkalima munda wa apongozi, dzuwa likakwera n'kuthamangira wapansi ku esiteti ya fodya komwe ndinkagwira ntchito.

Pa nkhani ya msinkhu ndinene chilungamo: Mulungu anandipatsa wongolawa. Akwawo kwa Felesiya onse ndi milongoti. Iyeyo ndinkamulekeza m'khutu, mlamu wanga Yotamu ndinkamulekeza m'khwapa. Koma sindinkadandaula, poti khasu silifunsa msinkhu.

Masiku amenewo mwambo unali udakali mwambo. Ine ndi apongozi anga aakazi, aNabanda, sitinkalankhulana kapena kuyang'anana m'maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'tchire la kumanja, ine la kumanzere, n'kudutsana titafulatirana. Akafuna kundiuza kanthu, mawuwo ankadzera mwa Felesiya. Chaka chathunthu ndinakhala pamudzipo osadziwa bwinobwino nkhope yawo. Ndinkangodziwa msana wawo ndi katsokomoledwe.

Chimene ndinkafuna ine chinali chimodzi: chitengwa, ndiye kuti andilole kutenga mkazi wanga n'kukakhala naye kwathu ku Mkanda, kumene munda wa katondo unkandidikira. Ankhoswe anali atagwirizana kale tsiku lokambirana, Lamulungu loyamba la Febuluwale. Ntchito yanga inali yongoonetsa kuti ndine munthu wolongosoka, wamutu wake. Zinkayenda bwino kwabasi, mpaka vidiyo sho ya Kenani inalowererapo.

Inu a masiku ano, amene mumaonera filimu pafoni mutagona chagada, simungamvetse. Ife tinakula tikuona kanema kamodzi pachaka, galimoto yotsatsa sopo ikabwera pabwalo la sukulu. Ndiye matipate atabwera, zinthu n'kumasuka, pa Kamwendo panabuka ma vidiyo sho ngati bowa. Ya Kenani inali kuseri kwa golosale: chipinda cha malata odontha, mawindo otseka ndi masaka, mabenchi a matabwa osanjika pa njerwa, jenereta ikutsokomola panja. Mkatimo munkanunkha thukuta, petulo ndi mtedza wokazinga. Koma abale, kukoma kwake! Ndikakumbuka mtima umandiwawa, chifukwa chisangalalo cha mtundu umenewo sindinachipezenso.

Kenani yemweyo ndiye ankatitanthauzira. Sukulu analekeza Sitandade 6, koma pakamwa pake panali pa yunivesite. Mzungu akalankhula mawu awiri, Kenani ankamasulira mawu makumi atatu, mwambi pamwamba.

Loweruka lina masana, kumayambiriro kwa Januwale, tinadzaza chipindacho kudikira filimu ya karati. Deki inatafuna tepi. Kenani anaiwongola ndi bolopeni, kuipemerera, kuiikanso, koma deki inaitafunanso. Anthu anayamba phokoso. Ndiye anapisa dzanja m'katoni n'kutulutsa tepi ina yafumbi, imene anati anabwereka kwa mnzake wa ku Chipata.

Itangoyamba, chipinda chonse chinabuula.

"Kala ili kuti, Kenani? TV yako yadwala malungo?"

"Khalani chete, mbuli inu!" anatero Kenani. "Za kala zija ndi masewero, anthu amachita kuphunzira. Iyi ilibe kala chifukwa ndi zoona, zinachitikadi ku Amereka. Munaonapo chithunzi cha kala m'nyuzipepala inu?"

Tinayang'anana. Zoonadi, m'nyuzipepala munalibe kala.

Filimuyo inali ya bambo wina wamtali bwino, wa pabanja pake. Tsiku lina anadutsa m'nkhungu yoyera yosadziwika kumene yachokera. Anangodzisansa n'kumapitiriza moyo wake. Patapita masiku, zovala zinayamba kumukulira. Kenako anafika msinkhu wa mwana wa Sitandade 1, kenako wa botolo, kenako wa chala. Mphaka wake yemwe, amene ankamupatsa mkaka ndi manja ake, anayamba kumusaka ngati khoswe!

"Taonani chona wosayamika!" ankakuwa Kenani. "Akuti, 'Bwana, lero ndiwo ndinu!'"

Anthu ankaseka mpaka kugwa pamabenchi. Ekita uja anatola singano, imene kwa iye inali mkondo wathunthu, n'kuima nji kudikira chilombo china chimene chinkatuluka mumdima. Tonse tinasiya kutafuna mtedza. Pomwepo jenereta inatsokomola kawiri, TV n'kuti phi!

"Petulo watha, mabwana. Mapeto ake mudzaone mawa."

Mawa lakelo tepi inali itabwerera ku Chipata, moti mpaka lero mapeto ake sindinawaone.

Potuluka ndinapeza mphunzitsi wina wa kusekondale akumasula njinga yake pamtengo. Nayenso anali momwemo, atatsitsira chipewa kumaso kuti ana asukulu asamuone.

"Aphunzitsi, zimenezi zinachitikadi?"

"Nkhaniyi inayamba ndi buku, filimu inabwera pambuyo," anatero. "Bukulo ndinaliona ndili kukoleji. Ndi nkhani za sayensi, zimene..."

Mvula inayamba kugwa, iye n'kudumphira panjinga osamaliza. Koma ine ndinali nditamva zokwanira. Buku! Sayensi! Mabuku amene ndinkawadziwa ine anali atatu, Baibulo, la nyimbo ndi la masamu, ndipo pa onsewo panalibe lonama.

Lachiwiri lake ku esiteti ankapopera fodya mankhwala a tizilombo. Ine ndinkapalira mizere ya kumunsi. Mwadzidzidzi mphepo inatembenuka, nkhungu yoyera ya mankhwala n'kundikuta thupi lonse, mbuu! Kapitawo anandithamangitsira kukasamba. Anzanga amene tinaonera limodzi filimu ija anayamba kundigemula.

"Damiyano, wadutsa m'nkhungu! Iwe poti unayamba kale ulendowu, sabata imodzi yokha tikunyamula m'thumba la malaya!"

Ndinaseka nawo. Kunena zoona, ndinaseka kuposa onse.

Lamulungu linafika. Ndinali ndi mathalauzi awiri okha, lakuda la kutchalitchi ndi la khaki la kuntchito, onse a pakaunjika. Lakudalo ndinkalidziwa ngati dzina langa: linkalekeza pamwamba pa akakolo, sokosi zanga zofiira zikuoneka bwinobwino, ine n'kumati ndiye sitayilo. Tsiku limenelo nditavala ndinayang'ana pansi. Sokosi sizikuoneka.

Ndinalikokera m'mwamba, n'kumanga lamba pabowo lina. Sokosi osaoneka ndithu. Kutchalitchi sindinamve ulaliki ngakhale liwu limodzi, ndinkangosuzumira mapazi anga pansi pa benchi.

"Thalauzi silikula," ndinkadziuza. "Likula ndi chiyani, poti silidya?"

Lachitatu ndinakwera njinga yanga kupita ku Kamwendo. Njinga imeneyi ndinkaidziwa bwino, pedulo ikafika pansi phazi lonse linkakhala mosatekeseka. Tsikuli ndinkangoigusa ndi nsonga za zala, matako akupita uku ndi uku ngati bakha. Amayi ena ogulitsa mango m'mbali mwa msewu anafunsana mokweza kuti mwana ameneyu waba njinga ya ndani.

Ndinalunjika kwa Kenani. Ndinamupeza akupukuta deki ndi nthenga ya nkhuku.

"Kenani, tandiuza, mzungu wofupika uja anachira?"

"Kuchira? Sayensi ilibe chipatala, mkulu wanga. Anachepa, n'kuchepa, n'kuchepa, mpaka finishi."

"Nanga mkazi wake?"

"Anakwatiwa ndi dalaivala wa thiraki, wamtali ngati pholo la magetsi."

"Shuwa?"

"Ine ndiname? Bwanji, uli ndi m'bale wako akufupika?"

Ndinati ayi, ndimangofunsa. Patapita zaka Kenani anandiululira kuti nayenso mapeto sanawaone, koma tsiku limenelo mawu ake anandilowa mpaka m'mafupa.

Apa mantha anandigwira zenizeni. Komabe ndinati ayi, ine si mbuli, za sayensi zimafuna sayensi inzake. Ndidziyeze. Vuto linali malo. Mkamwini sangaime chilili pakhoma la nyumba n'kumadzilemba ndi khala pamutu, anthu angati wayamba misala kapena ufiti. Ndiye ndinalowa pakati pa munda wa chimanga, pamene panalibe wondiona. Ndinasankha phesi lowongoka bwino, ndinaima nalo msana, n'kumanga kansanza kofiira pamene panalekeza mutu wanga.

Musandiyang'ane choncho, ndinaganiza ndithu. Ndinati msomali ukaukhoma pamtengo sukwera, mtengo umakulira kunsonga. Chimanga nachonso ndi mtengo, kungoti waung'ono.

Patapita masiku atatu ndinabwerera. Kansanza kanali pamwamba pa mutu wanga, mpata wa zala zinayi. Patapita sabata ndinachita kukweza mkono kuti ndikakhudze. Ndinakhala pansi pakati pa mizere, misozi n'kuyamba yokha. Ndinawerengera kuti pa sipidi imeneyi, pofika nthawi yokolola ndidzakhala ndili msinkhu wa chitsononkho.

Ndinayesa kudzithandiza. Ndinkapita kumtengo wa mango wa kudimba, kugwira nthambi ndi manja onse awiri n'kumalendewera, kuti mwina thupi liwongoke libwerere mwakale. Tsiku lina ndili lende, apongozi anatulukira ndi ndowa pamutu. Atandiona anapatukira m'tchire monga mwa mwambo. Ine kopatukira kunalibe, ndiye ndinangotembenuza nkhope ndili m'mwamba momwemo. Madzulo uthenga unafika kudzera mwa Felesiya.

"Akuti amayi, ngati mukufuna mango, kuseri kwa nkhokwe kuli nsungwi yotchotsera."

Felesiya sindinamuuze kanthu. Mwamuna ungayambe bwanji? Ndinangomufunsa mozungulira tsiku lina akutsuka mbale.

"Felesiya, ine nditati ndachepa, ndasanduka kamunthu kokwana m'bokosi la machesi, ungandisunge?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ulendo wake sunali wautali.

"Bola," anatero akuseka, "ndiwo zizikhalitsa."

Iye ankangocheza, koma ine ndinaona dalaivala wa thiraki ataima pakhomo.

Ndinayamba kukonzekera. Mdani woyamba ndinkamudziwa: mphaka wa apongozi, chimphaka chakuda chotchedwa Tilipo, chimene chinkagwira makoswe a m'nkhokwe n'kuyamba chasewera nawo chisanawadye. Pulani yanga inali yopalana naye ubale nthawi idakalipo. Tsiku lililonse ndinkabisa matemba awiri m'thumba, n'kukamupatsa kuseri kwa bafa.

"Tilipo, m'bale wanga," ndinkamuuza, "yang'ana nkhope iyi, uisunge. Tsiku lina udzaiona ili pansi apa, usadzaiwale matembawa."

Tilipo ankadya, n'kumanyambita milomo akundiyang'ana mmene munthu amayang'anira mbuzi ya Khirisimasi. Nkhuku nazo ndinayamba kuziona mwa mtundu wina. Ndikaona thadzi likujompha chiwala, thupi lonse linkachita tsemwe.

Lamulungu lotsatira thalauzi lakuda linafika pa nsapato. Lamulungu linzakelo linkasesa pansi. La khaki nalonso linayamba zomwezo. Ndiye Lachinayi la sabata yomaliza, ndikuvala la khakilo, chinthu chinandibaya pakakolo. Nditayang'ana ndinapeza singano itabayidwa mumpendero, ulusi uli lende.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kudzifunsa kuti singanoyi ikutani pathalauzi lake. Ine ndinagwada. Ndinati Mulungu sataya wake, waona za mtsogolo ndipo wanditumiziratu mkondo, ngati wa ekita uja. Ndinaibaya mkati mwa kolala, ndipo ndinkayenda nayo kulikonse.

Tsiku la chitengwa linakwana. Achimwene anga a Pasikale, amene anali nkhoswe yanga, anabwera kuchokera ku Mkanda ndi tambala pakaliyala. Tinakhala pabwalo la apongozi masana, anthu atachoka kutchalitchi. Mwini mbumba, a Lukiyo, atsibweni ake a Felesiya, anakhala pampando wa ndalema. Yotamu anatsamira mtengo. Azimayi anakhala pamphasa chapatali, ndipo apongozi anga anakhala kuseri kwa nkhokwe atatifulatira, akusenda nkhwani. Anthu ena a m'mudzi anabwera okha osaitanidwa, poti nkhani ya banja siisowa mboni.

Achimwene analankhula bwino, mwaulemu, akuwomba m'manja pamene payenera. A Lukiyo anagwedeza mutu.

"Mkamwini ameneyu ife tamuona," anatero. "Khasu amalitha, mowa sakhudza, mwano alibe. Ife tilibe chokanira. Koma mwini wake anenepo kaye, timve."

Chinthu chimene ndinachivutikira chaka chathunthu chinali m'manja mwanga. Ndikanangoti zikomo, basi. Koma ndinayang'ana Felesiya pamphasa paja akumwetulira, mtima wanga n'kukana. Ndimutenge mwana wa eni, ndipite naye kutali ndi mayi ake, kenako azikakhala ndi mwamuna wa msinkhu wa chiwala? Adzamulimira ndani? Ndinkamukonda kwambiri mkazi ameneyu, sindikanatha kumuchita zimenezo. Ndinawomba m'manja n'kuimirira.

"Akuluakulu, pepani. Za chitengwazi zilekeni. Ine ndikutha."

Zaka zimenezo mawu oti "ndikutha" sanali oseweretsa, maliro anali ponseponse. Felesiya anagwira pakamwa. Achimwene anandikoka malaya.

"Mphwanga, wadwala chiyani? Kuchipatala akuuza kuti bwanji?"

"Kuchipatala sangazithe, achimwene. Ndikufupika."

"Ukutani?"

"Ndikufupika! Ndinadutsa m'nkhungu ku esiteti, ngati mzungu wa pa vidiyo ya Kenani. Zili m'buku, aphunzitsi ananena okha. Taonani thalauzili! Sokosi zanga munaziona liti komaliza?"

Anthu onse anayang'ana mapazi anga. Mayi wina anati, "Koma zoona, sokosi zofiira zija zasowa." Umboni umenewo unandilimbitsa mtima, ndipo ndinayamba kusiya mawu, ndili siliyasi ngati m'busa pamaliro.

"Njinga yanga atenge alamu a Yotamu, ine sindikuifikiranso. Amayi, musanasinje muziyamba mwasuzumira mumtondo. Posesa muziyang'ana pansi. Nkhuku muzizitsekera ine ndikamatuluka. Tilipo ndakambirana naye, koma sindikumukhulupirira, bola apite kwa achibale. Felesiya, undikonzere pogona m'bokosi la machesi, uziliika pamwamba pa kabati. Koma musadandaule kwambiri, sindifa ngati mwanapiye ayi. Mulungu wandipatsa kale chida!"

Ndinapisa dzanja m'kolala, n'kukweza singano ija m'mwamba kuti onse aione.

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka mbale ikugwa. Apongozi anali atasuzumira.

"Felesiya! Iwe Felesiya! Singano yanga ija si imeneyo? Ndaifunafuna masiku atatu, mpaka ndinakhuthula dengu lonse!"

Felesiya anathamangira kuseri kwa nkhokwe. Apongozi ankati akunong'ona, koma kunong'ona kwawo kunkamveka mpaka kuchitsime.

"Uwauze amuna akowo kuti mathalauzi awo ndimatalikitsa ndine. Amayi anzanga akumpingo amandiseka, amati mkamwini wanga amayenda misongolo pamtunda ngati kakowa. Kuwauza sindikanatha, si mwambo. Ndiye iwe ukachapa ndimatenga pachingwe n'kumasula mpendero pang'onopang'ono, sabata iliyonse zala ziwiri, kuti asazindikire, angachite manyazi. Mpendero utatha ndinalumikizako kansalu ka siketi yanga yakale. Ndimafuna akafike kwawo ku Mkanda akuoneka ngati munthu wochokera pamudzi pa anthu."

Felesiya anabwera n'kugwada pamaso panga, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

"Akuti amayi, mathalauzi anu..."

"Ndamva!"

"Akuti ndimalize. Akuti amayi anzawo akumpingo..."

Anabwereza zonse, liwu ndi liwu, ndi za kakowa zomwe. Pomaliza anawonjezera zake: "Ine ndimadziwa, koma poona mukungoyang'ana kumapazi tsiku lonse ndimayesa mukusangalala nazo."

"Nanga njinga?" ndinafunsa.

Yotamu anali atagwa kale pansi, atagwira nthiti.

"Alamu, pepani! Chishalo ndimakweza ndine. Mukapita ku esiteti ndimakwera kukaona chibwenzi ku Kapondo. Poyamba ndinkabweza, koma sipana inayamba kuterereka, ndiye ndinati aa, alamu azolowera."

Ndinatsala ndi umboni umodzi wokha, wa sayensi, ndipo ndinaukakamira.

"Chabwino, nanga muyeso? Ndinamanga kansanza pamene panalekeza mutu wanga. Lero kali uko, ngakhale mkono sukufika!"

"Munamanga pachiyani?" anafunsa a Lukiyo.

"Paphesi la chimanga."

"Chimanga chake chiti?"

"Cha m'munda wa apongozi."

"Chija munathira nokha feteleza wobereketsa mwezi wathawu?"

"Chomwecho."

A Lukiyo anavula chipewa, anayang'ana mkati mwake kwa kanthawi, n'kuvalanso. Kenako bwalo linaphulika. Azimayi ankagubuduka pamphasa. Achimwene anga anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, akumati, "Amayi athu analakwanji?" Tambala wa pakaliyala uja nayenso analira, masanasana.

Phokoso litachepa, a Lukiyo anapukuta misozi.

"Ankhoswe, tambala wanuyo tidya, poti wabwera kale. Koma za chitengwa tiyeni tidikire kaye. Mlimi wosadziwa kuti chimanga cha mu Januwale chimakula, tikamupatsa mwana wathu apite naye kutali, adzafa ndi njala onse awiri. Akhale pompano tizimuyang'anira."

Anati tidikire chaka chimodzi. Chaka chitatha ndinali ndi mwana, dimba, ndi dzina latsopano: aFupikani. Ku Mkanda nkhani inali itafika kale, ndiye ndinaona kuti bola kusekedwa ndi anthu amene analipo kusiyana ndi ongomva. Munda wa katondo uja anatenga mphwanga. Mpaka lero ndili konkuno.

Zambiri zinapita. Chipinda cha Kenani pano amatchajiramo mafoni, mwini wakeyo anasamukira ku Chipata. Tilipo anafa ndi ukalamba, atanenepa ndi matemba anga. ANabanda tinawaika m'manda zaka zapitazo, ndipo ndinalira kuposa ana awo obereka. Thalauzi lakuda lija ndinalisunga m'sutikesi. Kansalu ka siketi yawo kadakali kumiyendo, masokedwe ake ang'onoang'ono, ondondozana bwino. Ndikaliona ndimawasowa kwambiri mayi amene aja.

Koma chimene sindidzaiwala ndi mmene tsiku lija linathera. Anthu akubalalika, ine ndinatsala chiimire pakati pa bwalo, singano idakali m'manja. Mtima unali usanakhazikike. Ndinafunsa m'malere, osayang'ana munthu.

"Ndiye kuti... sindikufupika?"

Apongozi anatuluka kuseri kwa nkhokwe. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni anabwera mpaka pamene ndinaima, anandiyang'ana m'maso, mowerama ndithu poti nawonso anali mlongoti, n'kutenga singano yawo. Mwambo anauika pambali, ndipo awa ndi mawu oyamba amene anandilankhula pamoyo wanga:

"Khazikani mtima pansi, bambo. Simukufupika ayi. Munabwera muli chonchi."

Thalauzi likayamba kutalika, usathamangire sayensi, yamba wafunsa amene amalichapa.